Wotchi yanga inakana nthawi ya kumudzi

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya zipangizo zitatu za m'nyumba mwanga kuno ku England, zomwe ndi wotchi, wailesi ndi dikoda. Zonse zitatu zinandizunguza mutu, ndipo zinandisiya ndi funso limene mpaka lero ndimalimbana nalo. Munthu amene thupi lake lili kwa eni koma khutu lake lili kwawo, ngongole yake yaikulu ili kwa ndani?

Ndiyambe ndi wotchi. Kwathu nthawi sisintha, 6 koloko ndi 6 koloko basi, kaya ndi m'chilimwe kaya m'dzinja. Kuno ayi. Lamulungu lomaliza la Marichi mawotchi onse amakankhidwira kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo Lamulungu lomaliza la Okutobala amabwezedwa m'mbuyo. Choncho kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi, pomwe miyezi yotsalayo amakhala patsogolo ndi maola awiri. Anzathu a ku Joni vuto ili salidziwa, poti nthawi ya ku South Africa ndi ya kwathu n'chimodzimodzi.

Chaka changa choyamba kuno tinapangana ndi amayi kuti tizilankhulana Lamulungu lililonse 5 koloko madzulo, nthawi ya kumudzi. Kwathuko netiweki imapezeka pachulu china kuseri kwa tchalitchi, ndipo foni yake ndi ya mdzukulu wawo. Ine ndinangosunga m'mutu kuti 4 koloko ikakwana kuno, ndiziimba. Miyezi inayenda bwinobwino. Kenako linafika Lamulungu lomaliza la Okutobala. Foni yanga inadzisintha yokha usiku, ine n'kungosangalala kuti ndagona ola lowonjezera. Itakwana 4 koloko ndinaimba, koma nambala sinkapezeka. Kumudzi n'kuti ili 6 koloko, kukuda.

Mawa lake nditawapeza, mawu awo anali otopa. "Mwana wanga, ndinakhala pachulu paja mpaka udzudzu unandithamangitsa. Usiku wonse sindinagone, ndimati kapena wachita ngozi." Ndinawafotokozera kuti, "Amayi, pepani, kuno anasintha nthawi." Anakhala chete pang'ono, kenako n'kufunsa, "Anasintha nthawi? Dzuwa analiuza?"

Chifukwa cha manyazi a tsiku limenelo, ndinapita kushopu ya zinthu zakaunjika n'kugula wotchi yapakhoma yoti izindisungira nthawi ya kumudzi. Ndinaitchera bwinobwino, maola awiri patsogolo, n'kuipachika. M'mawa podzuka ndinapeza mivi yabwerera pa nthawi ya ku England. Ndinaitcheranso. M'mawa mwake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinayamba kuiyang'ana cham'mbali, ndipo ndikanakhala kumudzi ndikanati pali wina akundiseweretsa. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandimasulira. Mawotchi a mtundu umenewo ali ndi kawailesi m'kati. Ku Anthorn, m'dera la Cumbria kumpoto kwa England, kuli mlongoti umene umaulutsa nthawi yeniyeni usana ndi usiku pa 60 kHz, ndipo wotchiyo imamvetsera mlongotiwo n'kudzikonza yokha. Sinali yoonongeka. Inkangokana kundiuza kuti ndili kumene kulibe ine. Ndinagula ina yotchipa, ya batire wamba, yosamvera mlongoti uliwonse, ndipo pakhoma panga panakhala mawotchi awiri.

Wailesi nayo inali ndi zake. Ndinabwera ndi kawailesi kamene bambo anga ankamvera nkhani pakhonde. Ndinkadziwa ndithu kuti FM siuluka nyanja, poti ngakhale kwathu komweko phiri limodzi limatha kuitsekereza, koma usiku woyamba ndinapotokolabe kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, mwina n'kumvako liwu la Chichewa. Kunali Chingerezi chokhachokha. Amene munagulapo galimoto yochokera ku Japan mukudziwa zofanana ndi izi. Wailesi yake imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, moti masiteshoni ambiri a kwathu siwagwira mpaka mutaikamo kachipangizo kowonjezera. Galimotoyo imayenda m'misewu ya ku Lilongwe koma makutu ake anatsala ku Japan. Ine ndinkaseka galimoto zoterozo osadziwa kuti tsiku lina ndidzafanana nazo.

Mankhwala ake anali intaneti. MBC Radio 1 ndi Zodiak zimamveka pafoni ngati uli pa Area 25. Vuto ndi lakuti mawu amafika mochedwerako. Bullets ikamasewera ndi Wanderers, uthenga wa chigoli umayamba wafika pa WhatsApp, kenako m'pamene woulutsa uja amakuwa. Umakondwerera chinthu chimene anzako anakondwerera kale.

Za dikoda ndiye n'zomvetsa chisoni. Ndinaikulunga m'chitenje, pakati pa ufa ndi usipa, n'kuwoloka nayo. Chimene chinandinamiza ndi pulagi. Masoketi a kwathu ndi a kuno ndi amodzi, a mano atatu aja, ndiye nditailumikiza inayaka bwinobwino, mtima wanga n'kuti myaa. Panatsala dishi. A landilodi anakana kuti khoma lawo libooledwe. Kenako m'bale wina wa ku Zimbabwe, amene ntchito yake ndi yoika madishi, anandiuza kuti ngakhale akanalola, sizikanathandiza. Setilaiti imakhala m'mwamba makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imaunika dera limene anailozetsa, ngati tochi. Imene dikoda yanga inkafuna inalozetsedwa ku Africa. Kuno kuwala kwake sikufika. Dikoda ija ili pamwamba pa wadilopu mpaka lero, m'chitenje chake chomwe chija.

Nditagonja ndi dishi, ndinaika mtima wonse pafoni. M'bafa wailesi ya kwathu, m'basi zomvera m'makutu, pophika nsima nkhani za madzulo, pogona mauthenga achisoni. Ndinkadziwa mtengo wa thumba la chimanga, ndinkadziwa kumene kuli mizere ya mafuta, ndinkadziwa nduna imene yalankhula zopanda mutu. Pagulu la a kumudzi ndinkayamba ndine kuponya nkhani, anthu n'kumati, "Koma inu muli kunja zoona?" Ndinkanyadira. Ndinkati ine sindili ngati ena aja amene akangokwera ndege basi Chichewa chathawa.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza anthu akutulutsa mipando m'nyumba yoyang'anana ndi yanga. Munkakhala agogo ena aamuna, okhaokha. Tinkakumana pamasitepe, iwo n'kugwedeza mutu, ine n'kugwedezanso, zomvera zili m'makutu. Ndinafunsa mayi wina amene ankalongedza mbale ngati agogowo akusamuka. Anandiyankha mwaulemu kuti bambo ake anamwalira masabata atatu apitawo, ndipo mwambo wonse unachitika kale. Anadwala miyezi ingapo. Khomo lawo ndi langa zinatalikirana masitepe anayi.

Nditalowa m'nyumba ndinawerenga masiku. Sabata imene agogowo anamwalira, ine ndinatumiza chipepeso pamaliro awiri a kumudzi kudzera pafoni. Ndipo ntchito imene imandidyetsa kuno ndi yosamalira okalamba. Tsiku lonse ndimasambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu chifukwa ndimalipidwa, koma wokalamba wa pakhomo panga, amene sakanandilipira kanthu, sindinamudziwe n'dzina lomwe. Kwathu munthu wosapita pamaliro a anansi ake timamudziwa mathero ake. Tsiku likadzamugwera, adzukulu amakhala pansi n'kumuyang'ana, makasu ali poteropo. Ine amene ndinkadzitama kuti ndasunga chikhalidwe, ndinalakwira lamulo loyamba lenileni la chikhalidwecho.

Nditamufotokozera mnzanga wina wa kwathu amene wakhalitsa kuno, anandiletsa kudziimba mlandu. "Aise, kuno si ku Ntcheu. Anthu ake safuna kugogoderedwa. Maliro awo ndi a pabanja, sumangofika ngati kwathu. Ukanapita bwenzi akukudabwa." Mawu akewo ali ndi choona. Anthu kuno amalemekeza chitseko chotseka, ndipo si aliyense amene amakondwera kuona mlendo wakuda pakhomo pake. Palinso china chimene sindingakane. M'mwezi wa Disembala, dzuwa likamalowa 4 koloko isanakwane, kuzizira kukulowa m'mafupa, liwu la Chichewa pawailesi ndi limene linkandigwira kuti ndisapenge. Amene sanakhaleko kunja asapeputse zimenezi. Komanso a kumudzi ali ndi chonena pa ine. Anandilera ndi iwowo, fizi ya ana, feteleza ndi ndalama ya kuchipatala zimayang'ana kuno. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Komabe nditaganiza mofatsa ndinaona kuti funso ndinkalifunsa molakwika. Ndinkaganiza kuti ndikusankha pakati pa Malawi ndi England. Koma taonani anthu awiri amene ndinawalakwira. Mmodzi anali pachulu kumudzi, wina anali kuseri kwa khoma langa kuno. Wina kutali, wina pafupi, koma cholakwa changa chinali chimodzi. Onse awiri anali anthu enieni amene ankafunika kanthu kochepa kwa ine pa ola lakelake, ndipo ine maganizo anali kwina. Amayi sankafuna kuti ndidziwe zimene zanenedwa ku Nyumba ya Malamulo. Ankafuna foni ilire 5 koloko. Agogo aja mwina sankafuna zambiri, kapena sankafuna chilichonse, koma sindinawapatse mpata woti akane okha.

Zambiri zimene ndinkamvera tsiku lonse sizinkandipempha kanthu. Mzere wa mafuta ku Lilongwe sindikanaufupikitsa ndili kuno. Zinkangondipatsa kukoma kwa kukhala kwathu popanda ntchito yake. Munthu amene ali kumudzi akamva kuti kwagwa zovuta, amanyamula khasu kapena nkhuni. Ine ndinkamva, n'kudandaula, n'kulemba "zachisoni", n'kupitiriza kumvera. Kumva kotereku kumanyenga, chifukwa umatopa ngati wagwira ntchito pomwe palibe amene wamuthandiza. Ndipo kumadya nthawi ndi mtima zimene zikanapita kwa anthu amene akanapinduladi, a kuno ndi a kumudzi omwe.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife a kunja mwambi umenewu umatipweteka, chifukwa mapanga athu ndi awiri basi, tifune tisafune. Sitingasiye kwathu, sitingathawenso kumene tikudya. Koma ndikuona kuti chimene chimavumbwitsa ndi kuima pakatikati, mwendo uku mwendo uku, osalowa m'phanga lililonse. Ukhoza kukhala ndi mapanga awiri n'kuuma ndithu, bola pa nthawi iliyonse udziwe kuti walowa liti, ndipo ulowemo thupi lonse. Ukamalankhula ndi amayi, lankhula nawo osayang'ana zina. Ukamakwera masitepe a nyumba imene ukukhala, makutu akhale otsegula.

Umunthu umene timaunyadira uja sukhala pa 5 koloko ya kumudzi yokha. Anatiphunzitsa kulonjera amene takumana naye, kuzonda wodwala, kukhala pansi ndi ofedwa. Sanatiuze kuti zimenezi zimathera pa Chileka kapena pa Mwanza. Ngati ndingachitire umunthu Amalawi okhaokha, ndiye kuti chimene ndinanyamula ndi kukondera chabe. Mnansi ndi amene khomo lake layang'anana ndi lako, kaya amadya nsima kaya mbatata yokazinga.

Mawotchi awiri aja akadali pakhoma, koma tsopano iliyonse ndinaipatsa ntchito yake. Ya kumudzi imandiuza nthawi yoimba foni, nthawi imene ana aweruka kusukulu, nthawi imene sindiyenera kudzutsa munthu. Yokana kunamizidwa ija imandiuza zimene ndiyenera kuchita panopa, pamalo pamene ndaima. Wailesi ya kwathu ndimamverabe, nkhani za madzulo ndi mpira wa Loweruka, koma pamasitepe ndi m'basi zomvera zimakhala m'thumba. M'nyumba ya agogo aja munalowa banja lina. Ndinakazinga mandasi n'kukagogoda, mtima ukugunda ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Anadabwa, inde, monga ananenera mnzanga uja. Koma analandira, ndipo pano mayina timadziwana. Mwana wawo atadwala usiku wina, khomo limene anagogoda linali langa.

Kwa inu amene muli kumudzi, m'bale wanu wa ku Ulaya akachedwa kuimba ndi ola lathunthu kumapeto kwa Okutobala, musafulumire kulira kapena kukwiya, yambani mwayang'ana kalendala. Ndipo akakuuzani kuti lero saimba chifukwa akuperekeza mnansi wake kuchipatala, musati watiiwala. Akuchita zimene munamuphunzitsa.

Ine chaka chilichonse, Lamulungu lomaliza la Okutobala likamayandikira, ndimalemba pakapepala n'kumata pafiriji kuti kuyambira sabata imeneyo ndiziimba 3 koloko. Amayi sindiwauzanso za kusintha kwa nthawi. Iwo amangokwera chulu chawo 5 koloko monga mwa masiku onse, ndipo foni imalira.