Mwana Aleredwe ndi Abale Ace

Kodi Estere wamasiye uja sanaleredwa ndi Moredekai, mbale wace? Ndipo Mose anayamwa bere la amace, angakhale anatoledwa ndi mwana wamkazi wa Farao. Tikumbuke izi ife akulu a Mpingo, tisanatumize wamasiye kutali osaitana atsibweni ace.

Tamverani za ku Australia. Kumeneko eni dziko, Aaborijini, analandidwa ana ao ndi boma kuyambira ca m'ma 1910 kufikira ca m'ma 1970. Ambiri a anawo anasungidwa m'nyumba za boma ndi za mishoni, naletsedwa kunena cinenero ca makolo ao. Dzina la mishoni litilasa mtima pano, koma coonadi sicibisika.

Eni ace ananyamuka okha. Mu 1980 Coral Edwards, amene nayenso anacotsedwa ali khanda, anayamba Link-Up pamodzi ndi Peter Read, kuti afunefune abale a otayikawo, nawaperekeze kwao. Boma linapepesa mu 2008, mocedwa ndithu. Lero lamulo la kumeneko liti, mwana wosowa womlera ayambe aperekedwa kwa abale ace. Kukalephereka, kwa a mtundu wace. Mlendo adze pambuyo.