Kuthamanga Sikufika

Mwambi wakuti "kuthamanga sikufika" umachenjeza munthu waphuma kuti liwiro palokha silimufikitsa kumene akupita. Tanthauzo lake limaonekera bwino m'masewera a pakompyuta a Mirror's Edge, omwe kampani ya DICE ya ku Sweden idatulutsa mu 2008. Wosewera amaona ndi maso a Faith, mtsikana wothamanga pamadenga a nyumba zosanja, ndipo mtundu wofiira ndiwo umamulozera njira. Mwana akamasewera amangoti liwiro, kenaka n'kugwa. Akabwererako atakula, amayamba wayesa mpata ndi maso asanalumphe, ndipo masewerawo amakoma koposa kale. Luso lomweli ali nalo ana oweta mbuzi m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, amene amaponda kaye mwala ndi phazi limodzi, makamaka m'dzinja pamene miyala imaterera ndi ndere.