Mbusa Wabwino Amawerenga Nkhosa Zake

Mawu: Luka 15:3-7 ndi Masalmo 90:12



Fanizo la nkhosa yotayika timalidziwa tonse. Koma kodi mbusa uja anadziwa bwanji kuti imodzi yasowa pakati pa nkhosa 100? Ukaziyang'ana chapatali, nkhosa 99 zimaoneka ngati zakwanira. Anadziwa chifukwa anali ndi chizolowezi chowerenga. Lero ndikufuna tione kuti ngakhale kuwerenga maliro ndi ntchito yachikondi.

Ku England ntchito imeneyi inayambira mu mpingo wathu womwewu. Kuyambira 1603, alembi a maparishi a mu London ankapereka chiwerengero cha anthu oikidwa m'manda sabata iliyonse, ndipo chinkasindikizidwa kuti aliyense aone. Amene ankapita kukaona mtembo ndi kunena chomwe chapha munthuyo anali amayi achikulire a m'parishi, ambiri mwa iwo amasiye ndi osauka. Mayina awo anaiwalika, koma ntchito yawo sinapite pachabe. Mu 1662 John Graunt, wamalonda wa mumzindawo, anasonkhanitsa mapepala a zaka zambiri nawayerekeza. Anapeza kuti mwa ana atatu alionse, pafupifupi mmodzi ankamwalira asanakwanitse zaka 6.

Mu 1665 mliri woopsa unagwa mu London. Chiwerengero chinkakwera sabata ndi sabata mpaka mu September, pamene anthu 7,165 analembedwa kuti afa ndi mliriwo m'sabata imodzi yokha. Chaka chonsecho analemba anthu 68,596, koma akatswiri amati omwe anafadi anali pafupifupi 100,000. Enawo anapita kuti? Mabanja ambiri ankabisa matendawa, chifukwa nyumba imene mwapezeka mliri inkatsekedwa anthu ali momwemo. Mantha ndi manyazi zinachepetsa chiwerengero, koma sizinachepetse manda.

Mpaka lero boma la dzikolo limatulutsa chiwerengero cha imfa za ku England ndi Wales sabata iliyonse. Mliri wa Covid-19 usanafike, m'sabata wamba munkalembedwa imfa pafupifupi 10,000. Chiwerengerochi chimakwera m'nyengo yozizira, makamaka mu January, chifukwa cha chimfine ndi chibayo pakati pa okalamba, kenaka chimatsika kukafunda. Poti anthu ankadziwa mmene sabata wamba imakhalira, anazindikira msanga zinthu zitasintha. M'sabata yothera pa 17 April 2020 munalembedwa imfa 22,351, kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero cha nthawi ngati imeneyo m'zaka za m'mbuyo. M'masabata oyambawo, chiwerengero chomwe boma linkalengeza tsiku ndi tsiku chinali makamaka cha omwalira m'zipatala. Kaundula wa sabata ndi sabata ndi amene anaonetsa poyera kuti agogo ambirimbiri ankafera m'nyumba zosungira okalamba. Nkhosa zimenezo zikanasowa mwakachetechete.

Amayi, tiphunzirepo zinthu zitatu.

Choyamba, munthu aliyense ndi wowerengedwa pamaso pa Mulungu. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino timakumbukira lipoti la m'mawa: odwala angati agonekedwa, angati atuluka, angati atisiya. Namwino wabwino sawerenga mabedi, amawerenga anthu. Kumbuyo kwa nambala iliyonse kuli mbale yomwe yatsala yopanda mwini ndi ana ofunsa kuti amayi abwera liti.

Chachiwiri, tizinena zoona. Zomwe anachita anthu a ku London mu 1665 ifenso tinazichita m'zaka zimene Edzi inkatha mabanja athu. Pamaliro tinkangoti malemu adwala nthawi yayitali, kapena tinkaloza chala agogo a kutsidya kuti ndi mfiti. Matenda obisidwa amapitiriza kupha. Sindikunena kuti tiziulula zinsinsi za anzathu pagulu, ayi. Ndikunena kuti tisanamize achipatala ndiponso tisadzinamize tokha.

Chachitatu, kuwerenga kuzititsogolera ku ntchito. Mbusa uja atapeza kuti nkhosa zaperewera sanakhale pansi kumadandaula. Ananyamuka kukafunafuna. Wamasalmo nayenso akupempha Mulungu kuti kudziwa kufupika kwa moyo kumupatse nzeru, osati mantha.

Ndani amadziwa maliro a m'mudzi kuposa ife? Ndife timagona pasiwa, timatunga madzi, timaphika, timayimba mpaka mbandakucha. Nanga bwanji osalembanso? Ndikupempha nthambi iliyonse ya Umodzi wa Amayi ikhale ndi kope lolembamo tsiku, msinkhu wa womwalirayo ndi matenda ngati achipatala anena. Pakutha pa chaka tikhale pansi ndi abambo ansembe tione. Tikapeza kuti ana amatisiya kwambiri nthawi ya dzinja, tidzadziwa kuti mvula isanayambe tiyenera kuyendera mabanja pa nkhani ya masikito, zimbudzi ndi madzi akumwa. Tikapeza kuti agogo amatisiya mu June ndi July, tidzasonkha mabulangete mu May, osati kudikira kukagula nsalu ya maliro. Tikaona maliro atatu a matenda otsegula m'mimba m'sabata imodzi, tisadikire achinayi, tikauze alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Tilimbikitsenso anamfedwa kukalembetsa imfa kuboma, pakuti kalata ya imfa imathandiza amasiye pa nkhani za chuma cha malemu.

Tipemphere. Mulungu Atate, Inu amene simuiwala ngakhale mmodzi wa ana anu, tipatseni maso oona amene wasowa pakati pathu, pakamwa ponena zoona, ndi miyendo yofulumira kukafika kwa wodwala nthawi ikadalipo. Tonthozani onse olira. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.