Kodi Loya Ndi Pakamwa pa Yani?

Ku Senga Bay, m'boma la Salima, oimba amasangalatsa alendo m'mahotela pamene asodzi aganyu akuchezera panyanja. Ambiri a iwo alibe pangano lolembedwa. Malipiro akavuta, adzawalankhulira ndani?

Malamulo alipo. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti oimba azipindula ndi nyimbo zawo. Lamulo la 1996 lidabala khoti la milandu ya pantchito, ndipo la 2000 lidaletsa kuchotsa wantchito popanda chifukwa chomveka. Koma lamulo lilibe pakamwa. Pakamwa pake ndi loya.

Tsono loya amadya pa mikangano ya anzake. Paja mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo sitingamdzudzule polandira malipiro, pakuti nayenso ngwantchito. Chotidetsa nkhawa nchakuti wolemba ntchito angathe kumlipira, waganyu sangathe. Nzeru zikamalondola thumba lolemera, chilungamo chimasanduka malonda.

Loya timuyese motere: kodi amayanjanitsa anthu mlandu usanatalike, ngakhale phindu lake lichepe? Kodi adaimirirapo munthu wopanda kanthu? Nafenso amene tili ndi antchito m'nyumba ndi m'mabwato, tiwalipire pa nthawi yake, loya asanatikumbutse.