Kodi mwana wachete ndiye mwana wamtendere?

Misa ikatha, anthu akamapatsana moni pabwalo la tchalitchi, pali mawu amene amakondweretsa kholo lililonse: "Mayi, koma mwana wanu uja ndi wofatsa! Samveka n'komwe." Kholo limabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Kuno ku Mphunzi, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Dedza, mwana wabwino ndi amene amagwada popereka madzi, sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo sayankha akamadzudzulidwa. Khalidwe limeneli ndi lokoma kuliona. Komabe pali funso limene mkhristu aliyense amene akulera mwana ayenera kulisinkhasinkha: mwana akakhala chete, kodi ndiye kuti mumtima mwake muli mtendere?

Nkhani ngati iyi si yachilendo m'midzi yozungulira phiri lino. Mtsikana wa zaka 15 walemba mayeso a Sitandade 8, koma dzina lake silidatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Bambo ake adapita ku Joni zaka zitatu zapitazo ndipo adasiya kuimba foni. Mayi ake amalawirira kudimba kukathirira kachewere, n'kubwerako dzuwa litalowa, thupi lonse likuphwanya. Mtsikanayo akutungabe madzi, akuphika, akusamalira azing'ono ake monga kale. Koma wasiya kupita ku kwaya, nsima akungoitsina pang'ono, usiku sagona, ndipo akadandaula amangoti mutu ukuwawa. Mayi ake akamufunsa kuti, "Iwe, watani?" amayankha kuti, "Palibe, amayi." Amamugulira panado, nkhani n'kuthera pomwepo. Pamudzi onse akumuyamikira kuti wakula, wasiya zachibwana. Palibe amene wamuchita nkhanza, koma palibenso amene akudziwa chimene chikumudya.

Yankho lakuti "palibe" mtsikanayu sadalipeke yekha. Adaliphunzira kwa akulu amene adamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti mwana salankhula pamaso pa makolo, kuti za m'nyumba saulula, kuti kudandaula ndi kusayamika. Iye wangosunga mwambo monga adauzidwira.

Ulemu si chinthu choipa, ndipo palibe chifukwa chouchotsera. Lamulo lachinayi la Mulungu limafuna kuti ana alemekeze makolo awo. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pofotokoza lamulo lomwelo amatchulanso udindo wa makolo pa ana awo, ndipo Paulo Woyera m'mutu 6 wa kalata yake kwa Aefeso, atangouza ana kuti azimvera, nthawi yomweyo akuchenjeza abambo kuti asamapsetse mtima ana awo. Choncho ulemu uli ndi mbali ziwiri. Wamkulu amene waphunzitsa mwana kuti asamayambe kulankhula, wadzisenzetsa ngongole yoti aziyamba iyeyo kufunsa. Akaphunzitsa mwana kukhala chete koma iye osafunsa, watseka khomo limene mwanayo akadatulutsira chisoni chake. Pamenepo kufatsa kwa mwana kumangopumitsa kholo, mwini wake akupsa yekha m'kati.

Anthu ambiri akamva za matenda a m'maganizo amaganiza za munthu wovala sanza amene akutola zinyalala pamsika, kapena amene amutengera ku chipatala cha anthu odwala misala ku Zomba. Koma mavuto ambiri a m'maganizo saoneka chotero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo theka la matenda otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 70, ana okwana ngati 10 akhoza kukhala atasenza katundu wosaoneka. Ana nthawi zambiri alibe mawu ofotokozera nkhawa, choncho thupi ndi khalidwe ndi zimene zimawalankhulira: mutu kapena m'mimba mosatha pomwe kuchipatala sakupeza malungo, kusowa tulo, kusiya kudya, kutsika m'kalasi mwadzidzidzi, kudzipatula kwa anzawo, kapena kuyambanso kukodza pogona mwana atakula kale.

Kwa anyamata zimavuta mwa njira ina. Mnyamata amauzidwa ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Misozi ikaletsedwa, chisoni chimatulukira kwina: ukali, ndewu, kujomba kusukulu, chamba, kachasu, kapena kubetcha ndalama za mpira pa foni. Akulu amaona mwano wokhawokha ndipo amathyola chikoti. Mtsikana wovutika amamuyamikira chifukwa wakhala chete, mnyamata wovutika amamukwapula chifukwa wasokosa, koma onse awiri sadafunsidwe. M'posadabwitsa kuti malipoti a apolisi m'Malawi muno amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu amene amadzipha ndi amuna. Mwamuna amene sangathe kunena kuti zinthu zamukulira adali mnyamata amene adaletsedwa kulira.

Pali akulu ena amene amati ana a masiku ano ndi ofooka chabe. Amati iwo adakula ndi njala, adapita kusukulu opanda nsapato m'chisanu cha mwezi wa June, adaikidwa m'manja mwa achibale makolo atamwalira, koma sadamvepo za nkhawa. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo kupirira kwawo n'koyenera ulemu. Koma akulu omwewo aiwala kuti sadakule okha. Mtsikana ankagona m'kuka ndi agogo ake, amene ankatha kumumva akubuula usiku. Mnyamata adali ndi atsibweni ake pamudzi pomwepo. Madzulo ana ankasonkhana pamoto kumvera nthano, ndipo wamkulu ankaona msanga nkhope imene yagwa.

Umboni wa chisamaliro chimenechi uli pa matanthwe a phiri la Mphunzi. Zojambula za pamiyala za kuno ndi mbali ya malo 127 a m'dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, pomwe zambiri mwa zoyera zidajambulidwa ndi Achewa, ndipo zina mwa izo amayi ankazigwiritsa ntchito polangiza atsikana pa chinamwali. Si zonse zimene zinkaphunzitsidwa kumeneko zimene Mpingo ungavomereze, ndipo n'chifukwa chake uli ndi alangizi akeake. Koma makolo aja adazindikira chinthu chimodzi chachikulu: msinkhu umene mwana akusanduka wamkulu ndi woopsa, ndipo sayenera kuudutsa yekha. Adapatula malo, nthawi ndi anthu a ntchito imeneyo. Lero atsibweni ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, agogo ali ndi adzukulu asanu ndi mmodzi owalera okha, ndipo mwana watsala ndi foni. Mwambo wa kukhala chete watsala, koma anthu amene ankamvetsera achepa. Ana sadafooke, changochoka ndi chimene chinkawachirikiza.

Ena amati mwana akasintha chotere ndiye kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu yoipa, ndipo mankhwala ake ndi pemphero lokha. Pemphero ndi lofunika, ndipo banja lachikhristu silingalisiye. Koma Malembo Oyera omwewo amaonetsa Mulungu akusamalira munthu wosweka mtima mwa njira zooneka ndi maso. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 19, mneneri Eliya adathawira kuchipululu, adakhala pansi pa kamtengo ndipo adapempha kuti afe. Mngelo sadamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Adamupatsa chakudya ndi madzi, adamulola kugona, ndipo adamudzutsanso kuti adye kachiwiri. Pambuyo pake, ku phiri la Horebu, Mulungu adamufunsa chimene ankachita kumeneko, namulola kukhuthula madandaulo ake onse asanamutume ntchito ina. Mulungu amene amadziwa zonse adafunsa ndi kumvetsera. Nanga kholo limene silidziwa zonse lingaleke bwanji?

Mbiri ya Mpingo ikuphunzitsa zomwezo. St John of God, amene adamwalira mu 1550 ndipo amakumbukiridwa pa 8 March, nayenso adatsekeredwapo m'chipinda cha odwala misala pa chipatala cha mumzinda wa Granada ku Spain, kumene odwala ankakwapulidwa poganiza kuti ndiwo mankhwala. Atatuluka adapereka moyo wake wonse kusamalira odwala mwaulemu. Chipani chimene chimadziwika ndi dzina lake chikuthandiza anthu a mavuto a m'maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe mpaka lero. Kupita ndi mwana kuchipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro, monganso kupita naye kukayezetsa malungo si kukana Mulungu. Choopsa kwambiri ndi kunena mwana wovutika kuti ndi mfiti, chifukwa pamenepo amene ankafunika chitetezo ndiye amasandutsidwa mdani wa mudzi.

Makolo ena amavomereza zonsezi koma amati sadaphunzire, sangadziwe chonena. Ku Zimbabwe, dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Poona kuti madokotala a matenda a m'maganizo ndi ochepa kwambiri, adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Kafukufuku adaonetsa kuti anthu ambiri adapeza bwino. Agogo amenewa sadali ndi madigiri. Adali ndi nthawi, chinsinsi ndi makutu. Zinthu zitatu zimenezi zilipo m'mphakati uliwonse wa parishi ino, pakati pa amayi achikatolika, alangizi, ndi aphunzitsi a ana a Tilitonse.

Kumvetsera mwana kuli ndi luso lake. Mwana amene adaphunzitsidwa kusayang'ana wamkulu m'maso sangamasuke akamuitanira pampando ngati wapalamula. Amamasuka manja akugwira ntchito: potong'ola chimanga, posenda mbatata, panjira yopita kuchigayo, pamene iye ndi wamkulu akuyang'ana kumodzi. Funso lakuti "watani?" limabala "palibe". Koma wamkulu akanena zimene waona, monga kuti, "Mwananga, ndaona kuti masiku ano sukudya ndipo wasiya kuimba, chikukuvuta n'chiyani?" mwana amadziwa kuti wina wakhala akumuona. Akayamba kulankhula, wamkulu adzigwire, asathamangire kulangiza kapena kufanizira ndi mavuto ake akale. Ndipo zimene wamva asakazifikitse pamjigo, chifukwa mwana amene chinsinsi chake chaululidwa kamodzi sadzatsegulanso pakamwa. Nthawi zina mwana amamasukira azakhali, agogo kapena aphunzitsi osati mayi ake omubala. Kholo lisachite nsanje, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali nthawi imene chinsinsi chiyenera kugonjera moyo. Mwana akaulula kuti wina akumugwirira, akumumenya koopsa kapena akumukakamiza ukwati, nkhaniyo si yokambirana pakhomo pokha. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene adasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma ndi nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit zilipo chifukwa cha milandu yotere. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana kapena wamkulu angathe kuimba kuti apeze uphungu. Chimodzimodzinso mwana akanena kuti watopa ndi moyo kapena kuti kuli bwino atafa, mawuwo asatengedwe ngati nthabwala kapena kuopseza. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamupeputsa. Asasiyidwe yekha, mankhwala opopera mbewu ndi othira m'chimanga atsekeredwe kumene sangawafikire, ndipo aperekezedwe msanga ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma ku Dedza.

Mabanja amene adataya kale mwana mwa njira imeneyi asawonjezeredwe katundu ndi miseche. Katekisimu, amene adatuluka mu 1992, pa ndime 2282 ndi 2283 amaphunzitsa kuti kuvutika kwakukulu kwa m'maganizo kungachepetse kulakwa kwa munthu wodzipha, kuti palibe chifukwa chotayira mtima za chipulumutso chake, ndiponso kuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Azibale a mwana womwalirayo, makamaka ana anzake a m'nyumbamo, ndiwo ayenera kuyenderedwa kawirikawiri maliro akatha.

Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama. Kwa nthawi yaitali mwambi umenewu wakhala ukunenedwa kwa munthu amene ali ndi vuto, kuti alankhule. Koma mwana sangautsatire ngati akulu omwewo adamuphunzitsa kuti kulankhula ndi mwano. Mwambiwu uyenera kuyamba wagwira wamkulu, amene waona mwana akufota koma wangokhala chete.

Mtsikana uja wa zaka 15 safuna zambiri kuti ayambe kupeza bwino. Mwina tsiku lina azakhali ake, akuchokera naye kuchigayo, adzamufunsa, iye n'kuyankha monga mwa masiku onse kuti, "Palibe, azakhali." Azakhaliwo akadzatula thumba la ufa pamwala, n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Ine sindikufulumira, mwanawe," mtsikanayo adzadziwa kuti ulendo uno funsolo likufunadi yankho. Ndipo Lamulungu likudzali, wina akadzayamikira kholo kuti mwana wake ndi wofatsa, kholo lilandire mawuwo mokondwa, koma likafika kunyumba likamufunse mwanayo kachiwiri.