Kodi womasulira filimu ali ndi mlandu?

Aliyense wa ife amene anadutsapo madzulo pamsika wa Ntaja, Ulongwe kapena Liwonde amalidziwa phokoso lotuluka m'kanyumba ka vidiyo. Pakhomo pali chinsalu, mkatimo ana athu adzaza pamabenchi. Filimuyo ndi ya ku China, India kapena America, koma mawu akumvekawo ndi a Chichewa. Ndi mawu a mnyamata amene ana amamutcha DJ. Iye amamasulira zimene ochita sewero akunena, amawapatsa mayina a kwathu kuno, ndiponso amathiramo nthabwala zake.

Funso lathu ndi lakuti: mwana akatolamo khalidwe loipa, kodi womasulirayu ali ndi mlandu? Mwini wake angathe kunena kuti filimu sanapange ndiye, iye akungofotokoza chabe.

Tiyambe tamuyamikira. Anyamatawa atsegulira khomo anthu ambiri amene Chingerezi sachimva. Agogo amene kale ankangoona zithunzi zikuyenda tsopano amatsatira nkhani yonse. Ntchitoyi ikudyetsanso achinyamata amene akanangokhala. Ndipo kuseka si tchimo ayi.

Komabe ife tikuona kuti womasulira sali ngati galasi la pawindo limene limangoonetsa zimene zili kunja. Mwana sadziwa zimene munthu wa m'filimu ananenadi, choncho zonse zimene wamva amazitenga kuti ndi momwemo. Mkazi akamamenyedwa pachithunzi, womasulira nkuseka ndi kunena kuti zamuyenera, ana amasekanso. Pamenepo phunziro lalowa, ndipo wophunzitsayo si wa ku China kapena ku America, ndi mwana wa m'mudzi mwathu momwemo. Wofotokoza nkhani amasankha choseka, choyamikira ndi chonyoza. Amene amasankha ali ndi udindo pa zimene wasankha.

Masiku ano mlanduwu sukukhudza a DJ okha. Lamya za m'manja zatisandutsa tonse omasulira. Pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp aliyense amapereka ndemanga pa filimu, nyimbo ndi anthu otchuka. Tikumbukire chaka cha 2019, pamene inatuluka filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor. Filimuyi imakamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma anawerenga mabuku a m'laibulale mpaka anapanga makina opangira magetsi ndi mphepo. Amalawi ambiri anadandaula ndi Chichewa chopotoka cha ochita sewero ochokera kunja, ndipo dandaulo limeneli linali lomveka. Koma mwana amene anangomva ndemanga zoseka katchulidwe ka mawu anatsala ndi chiyani? Anaseka, koma khama la mnyamata uja linamudutsa.

Ena amati boma liletse. Lamulo lounika mafilimu lilipo chiyambire 1968, kale kwambiri wailesi ya kanema ya TVM isanayambe mu 1999. Koma lamulo silingakhale pabenchi ndi mwana wathu, kapena kulowa m'lamya imene akuonera atafunda bulangete.

Makolo athu anali ndi nzeru pa nkhaniyi. M'nthano za madzulo munali afisi, mfiti ndi akalulu achinyengo, koma agogo sankamusiya mwana yekha ndi nthanoyo. Ikatha ankafunsa kuti fisi analakwitsa pati. Zoipa zinalimo m'nkhani, koma wofotokoza anali munthu wokonda mwanayo.

Apa ndi pamene mlandu ukutipeza ifenso. Tikangokalipa kuti vidiyo ndi yoipa, mwana amapitabe mozemba, ndipo womasulira yekha amene watsala naye ndi uja wa kumsika. Tiyeni tiziwafunsa ana zimene aonera pamene tikuphika kapena kusenda chimanga. Atifotokozere nkhani yonse, ife tifunse amene anachita bwino ndi chifukwa chake. Eni nyumba za vidiyo ndi ana athu omwe, tiwayendere mwaulemu ndi kuwapempha kuti asalowetse ana nthawi ya sukulu. Tisanatumizenso kavidiyo koseka munthu pagulu lathu la WhatsApp, tiyambe taganiza kuti mdzukulu akakaona aphunzirapo chiyani.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Mwana adzamva ndithu wina akumumasulira zimene akuona. Mawu oyamba akhale athu.