Gwape alibe mwini, koma tchire lili ndi eni

Nyengo yosaka agwape ikayandikira ku Ohio, m'dziko la America, mlenje amayamba ndi ulendo wopanda mfuti. Amaimika galimoto chapatali, n'kukagogoda pakhomo pa mlimi, chipewa kumanja, pepala m'thumba. Lamulo la kumeneko limafuna kuti wosaka pamalo a wina akhale ndi chilolezo cholembedwa, chosainidwa ndi mwini malo, ndipo aziyenda nacho m'tchiremo. Ku Texas mlenje amayang'ana mitengo ya m'malire: akaona mzere wa penti yapepo, adziwiretu kuti eni ake akana, malinga ndi lamulo la 1997.

Chodabwitsa n'chakuti gwapeyo si wa mlimi. Mu 1896 bwalo lalikulu la milandu m'dzikomo linanena kuti nyama zakutchire boma limangozisungira anthu onse, ndipo madera ake akuyenderabe mfundo imeneyo. Gwape adya chimanga cha uyu usiku, kukacha wadumpha waya, ali kwa wina. Nanga mlenje akamapempha, akupempha chiyani?

Funsoli lili ndi mbiri yowawa. Ku England agwape anali a mafumu ndi eni chuma, moti lamulo la 1723 linkalola kunyonga munthu wopezeka ndi chida kumalo osungirako agwape atadzidetsa nkhope kuti asadziwike. Amene anawoloka nyanja kupita ku America sanafune kubwerera ku zimenezo. N'chifukwa chake malamulo oyendetsera Vermont a 1777 anapatsa anthu ufulu wosaka pamalo alionse osatchingidwa.

Baibulo limagwira mbali zonse ziwiri. Pa Levitiko 25 dziko ndi la Mulungu, ndipo anthu akukhalamo ngati alendo. Pa Deuteronomo 23 wodutsa m'munda wa mphesa wa mnzake akuloledwa kuthyola n'kudya mpaka kukhuta, koma asaike m'dengu. Mwini munda sangamane wanjala, wanjala sangakolole za eni.

Koma nkhani yofika pamtima ndi ya Abrahamu, pa Genesis 23. Mulungu anali atamulonjeza kale dziko la Kanani. Komabe mkazi wake Sara atamwalira, nkhalambayo sinangotenga khasu n'kuyamba kukumba manda. Inapita kwa Ahiti, inawerama pamaso pawo, n'kupempha phanga la Makipela. Efroni, mwini phangalo, atanena kuti angolitenga, Abrahamu anaumirira kulipira, nayeza masekeli 400 a siliva anthu akuona. Lonjezo la Mulungu silinamupatse mphamvu yoponda anthu amene anawapeza pamalopo. Ndi zomwezo kwa mlenje. Pogogoda paja sakuvomereza kuti gwape ndi wa mlimi. Akuvomereza kuti kuseri kwa waya kuli munthu, ana ake amasewera kudambo, ng'ombe zake zili kubusa, ndipo chipolopolo sichidziwa malire. Odi wa pakhomo sagula nyumba, amangouza eni ake kuti wobwerayo wawaona. Kupempha si kuba, ndipo amene wapempha amakhala wokonzeka kumva kuti ayi.

Mwini malo nayenso ali ndi pomwe ayenera kulekezera. Ku Wyoming, boma linapatsa makampani a njanji malo m'zaka za m'ma 1860 modumphitsadumphitsa, moti zigawo za boma ndi za anthu zimangokhudzana pangodya, ngati thabwa losewerera dirafuti. Pa phiri la Elk Mountain, eni famu yaikulu anazika zitsulo ziwiri pangodya yotere, zokhala ndi zikwangwani zoletsa kulowa. Mu 2021 alenje anayi ochokera ku Missouri anabwera ndi makwerero opangira dala, anaika mwendo wina wa makwererowo pamalo a boma, wina pamalo a boma a tsidya linalo, n'kuwoloka osaponda dothi la eni. Anaimbidwa mlandu wolowerera, koma mu 2022 anapezeka osalakwa. Eni famu atasumanso, bwalo la apilo linagamula mu 2025 kuti alenjewo sanaphwanye lamulo, potsamira pa lamulo la 1885 loletsa kutsekera anthu malo a boma. Mphamvu yokana ilipo kuti iteteze khomo la munthu. Ikasanduka loko wotsekera anzake phiri la onse, mwini malo waiwala kuti nayenso ndi mlendo padziko.

Kumene zinthu zikuyenda bwino, nkhani sifika kukhoti. Mlenje amafunsa kumene kuli ziweto, amatseka geti lililonse limene watsekula, amatola makatiriji ake. Gwape wovulala akathawira kwa mlimi woyandikana naye, amasiya mfuti m'galimoto n'kukagogodanso kumeneko. Nyengo ikatha amabwerera pakhomo paja atanyamula nyama yokulunga bwino, ndipo mlimi, amene chimanga chake chinanenepetsa gwapeyo, amailandira n'kumuuza tsiku loti adzabwere chaka chamawa.